Lamulungu Limene Amayi Anakana Kuyimba

Ana inu, tayikani kaye mafoniwo pansi. Iwe Mphatso ndi mlongo wako Chisomo, mwandiboola makutu kuyambira m'mawa. Wina akuti Mkhristu weniweni sayenera kulowerera nkhani za maufulu ndi ndale, chifukwa zimenezo n'zadziko. Wina akuti tchalitchi ndi kumene amayi amaponderezedwa, ndipo munthu wozindikira sangakhalitseko. Mukulankhula ngati mkangano umenewu mwautulukira ndinu. Iyayi. Unalipo makolo anu asanamere mano, ndipo m'nyumba mwanga unalowa osaodira n'komwe. Senderani kuno pakhonde, kuli kamphepo. Agogo anu aakazi ali kuseriko akupeta mpunga, ndipo akumva zonse. Ndikanama andidzudzula.

Ine ndinabadwira kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Bambo anga anali msodzi wa mono ndi bwato losema, koma ine madzi ankandiopsa. Bambo ataona kuti pa ine sapeza msodzi, ananditumiza ku Ntaja kwa mnzawo wina wachisilamu, Che Saidi, kuti ndikaphunzire utelala. Makina ake anali opalasa ndi mapazi, ayironi yake ya makala, yolemera, yokhala ndi katambala kachitsulo pachotsekera. Unkayamba kuikupiza panja mpaka makala afiire, ndipo phulusa likangogwera pa malaya oyera a munthu, tsiku lako laipa. Inu lero mumagula buluku long'ambika m'mawondo, n'kumati ndi fashoni. Che Saidi akanakuonani akanakuthamangitsani ndi singano kuti akuzigambeni.

Munthu ameneyo ankapita ku mzikiti Lachisanu, ine kutchalitchi Lamulungu, ndipo sitinakanganepo za Mulungu ngakhale tsiku limodzi. Munthu amene ndinakangana naye za Mulungu zaka zambirimbiri anali Mkhristu mnzanga, mlamu wanga weniweni.

Nditakwatira agogo anuwa ndinapita chikamwini ku Nselema, n'kuika makina anga pakhonde la sitolo ina pamsika. Mlongo wawo wa agogo anu anali a Witinesi, mphunzitsi, munthu wamtali, wokonda wailesi ndi nyuzipepala. Nyuzipepala ankaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la jekete, ndipo ankaiwerenga mpaka ithetheke. Poti kwathu kuno mwini mbumba ndi malume, ana anga onse anali m'manja mwawo. Ine ndinali tambala wobwereka chabe.

Masiku amenewo kunali chipani chimodzi, ndipo tonse tinaphunzira kusunga pakamwa. A Witinesi okha ndiwo sanaphunzire. Tsiku lina pamsonkhano anaimirira n'kufunsa chifukwa chimene nkhalamba yosauka inkabwezedwa pachipata cha msika kaamba kosowa khadi la chipani. Funso limodzi lokha. Mwezi usanathe anawasamutsira kusukulu ina yakutchire, kopanda msewu, kopanda chitsime. Asanapite anabwera kwa ife akulu a mpingo, poti nthawiyo n'kuti nane atandisankha ukulu, kudzapempha kuti tiwalankhulireko. Tinawauza kuti tiwapempherera. Tinawapemphereradi, koma chapansipansi, mawindo titatseka. Kuyambira pamenepo a Witinesi sanapondenso m'tchalitchi.

Musaganize kuti anataya chikhulupiriro. Malemba ankawadziwa kundiposa ine mkulu wa mpingo. Pambuyo pake atawasamutsiranso kuno ku Balaka, ankabwera ku Nselema pa holide iliyonse, n'kukhala pa mpando wa makasitomala, ine ndikupalasa makina, mkangano n'kuyamba.

"Alamu," ndinkatero ine, "ndale ndi matope. Munthu wovala zoyera sayenda m'matope."

"Nanga wagwera m'matopeyo amutulutse ndani?" ankandifunsa.

"Mulungu."

"Ndi manja a yani? Alamu, ine ndale zangazi sindinazitole m'nyuzipepala. Ndinazitola ku Sande sukulu, pansi pa mtengo wa mango. Ankatiuza kuti Mulungu amamva kulira kwa wamasiye ndi wosauka. Kulakwa kwanga n'koti ndinakhulupirira zenizeni."

Zikafika pamenepo ine ndinkangopalasa makina mwamphamvu kuti phokoso liwamize.

Kenaka zinthu zinatembenuka, zipani zinachuluka ngati bowa wa mvula yoyamba. Kunabwera mawu atsopano amene sitinkawadziwa: ufulu wachibadwidwe, demokalase, jenda. Nkhalamba ina ya kwathu inafunsa kuti Jendayo ndi mwana wa yani, poti aliyense ankangomutchula. Musaseke kwambiri, enafe tinkangogwedeza mitu koma osadziwanso. A Witinesi ndiye anali ngati nsomba yobwezedwa m'madzi. Ankayenda ndi timabuku, kuchititsa misonkhano pansi pa mitengo, kuuza amayi kuti nawonso angathe kuima pachisankho. Ine zambiri mwa zimenezo zinkandinyansa. Ndinkaona ngati dziko lamasula mbuzi zonse nthawi ya dzinja.

Chimene chinandipsetsa mtima koposa chinali nkhani yoti mtsikana akatenga mimba ali pasukulu, akabereka aziloledwa kubwereranso m'kalasi. Ine ndinalinso m'komiti ya sukulu ya m'dera lathu. Pamsonkhano wa makolo ndinaimirira, n'kukonza kolala, n'kunena kuti, "Sukulu si sikelo. Wasankha thewera wasankha thewera." Anthu anaomba m'manja, ena mpaka nthungululu. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati nkhanga. Mawu amenewo anayenda msika wonse, ndipo ndinkakondwa ndikamva anthu akuwabwereza.

Chaka chomwecho tinalandira mlandu kumpingo. Kunali mtsikana wina dzina lake Eneresi, mwana wa mayi wamasiye, wa Sitandade 8. Ndiye ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi mwathu, ndipo mawu ake ankamveka mpaka kumsewu. Anapezeka ndi pakati. M'tchalitchimo munali benchi ina kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, pamene mvula inkawazira. Tinkaitcha benchi ya olapa. Wolakwa ankakhala pamenepo miyezi, aliyense wolowa n'kumamuona. Dzina la Eneresi ndinalilengeza ndine, ndi pakamwa pangapa. Atabereka, mayi ake anabwera kumakina kwanga, n'kugwada pafumbi, kundipempha kuti monga wa komiti ndikamulankhulire mwanayo kwa ahedi abwerere kusukulu. Ndinawayankha osasiya n'kusoka komwe. Ndinati tikatero tiphunzitsa ana ena kuti tchimo lilibe mtengo wake. Mayiwo anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo, n'kupita. Patapita nthawi ndinamva kuti Eneresi wakwatiwa ndi msodzi wina ku Chiuta. Ndinati basi, nkhani yatha bwino.

Panadutsa mvula ziwiri. Tsiku lina tili kumunda tikuthyola nandolo, agogo anu anaika dengu pansi n'kunena osandiyang'ana, "Abambo a Tiya, mwana wathu sali yekha."

Tiya ndiye Tiyanjane, mayi anu inu awiri. Inde, mayi anu omwewa amene lero amakukalipirani mukachedwa kubwera kunyumba. Iwo anandilola kale kuti tsiku lina ndidzakuuzeni, musati ndikuulula zachinsinsi. Nthawiyo anali Fomu 2, mwana wanzeru, amene ndinkanyadira pamsika ponse. Mnyamata amene anamupatsa mimbayo atangomva, anathawira ku Joni, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo.

Ndinakhala masiku atatu osalankhula ndi munthu. Ndinkapita kumakina, kusoka, kuphwasula, kusokanso. Ndinasoka mkono wa malaya a munthu chozondoka, ine amene ndinali ndisanalakwitsepo chotero. Pamsika anthu ankandipatsa moni mwaulemu wopitirira, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangotembenuka akukumbutsana za sikelo ndi thewera.

Mwambo unafuna kuti tiitane mwini mbumba. A Witinesi anafika ndi basi ya masana. Ine ndinali nditakonzeka kuti andiseka, kapena andikumbutsa mawu anga aja. Sanatero. Anakhala pamkeka, anamwa madzi, n'kuitana Tiya. Mwanayo anabwera n'kugwada patali, nkhope ili pansi.

"Sendera kuno, mphwanga," anatero. "Amayi ako alankhula, abambo ako akhala chete, amenenso ndi mawu. Nanga iweyo ukufuna chiyani?"

Ana inu, m'masiku onsewo panalibe amene anamufunsa funso limenelo. Ine sindinaganizeko n'komwe kuti lingafunsidwe. Tiya analira kaye, kenaka anati, "Ndikufuna sukulu, malume."

"Wamva, nyumba yanga ku Balaka ili pafupi ndi sukulu. Ukabereka, mwana akalimba, udzabwere." Atatero anatembenukira kwa ine. "Alamu, mbali ya sukulu ndi yanga. Mbali ya tchalitchi ndi yanu. Kumeneko ine ndilibe mawu."

Akulu a mpingo tinakumana Loweruka lotsatira. Wapampando anali a Makwinja, mlimi wa fodya, munthu wosakonda zokhotakhota. Iwo anali atakonza kale zonse. Tiya akhale pa benchi ya olapa. Mwana akabadwa asabatizidwe mpaka mayi ake atalowa m'banja. Ndipo banjalo linali litapezeka kale: bambo wina wa golosale, amene mkazi wake anamwalira, anali wokonzeka kumutenga. Bamboyo anali wamkulu kuposa ine.

Ndinapempha chifundo. Ndinalankhula za ubwana wake, za nzeru zake, za mtima wa Ambuye pa ochimwa. Ndinalankhula bwino ndithu, mwina kuposa ulaliki wanga wina uliwonse. A Makwinja anandisiya mpaka ndimalize.

"A telala," anatero, "mwana wa mayi wamasiye uja munamuyeza ndi tepi iti? Tibwerekeni yomweyo tiyezere wanu."

Palibe amene anaseka. Ine ndinafuna kukwiya, koma mkwiyo unasowa pogwira, chifukwa munthuyo ankanena zoona. Chifundo chimene ndinkapemphacho ndinali nacho m'manja zaka ziwiri zapitazo, ndipo ndinachikaniza munthu atagwada.

Lolemba m'mamawa ndinapopa njinga n'kuyamba ulendo wa ku Chiuta. Inali nyengo yotentha, mitengo itayoyola masamba. Inu mumadandaula mukakwera kabaza mphindi khumi. Njira ya kumeneko inali mchenga wokhawokha, pena kukwera, pena kutsika n'kumakankha, thukuta likulowa m'maso. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinafunsa m'madooko awiri ndisanamupeze.

Eneresi anali pa thandala akutembenuza matemba, mwana wina kumsana, wina akusewera pamchenga. Anali atachepa thupi, manja atachita mikwingwirima ya mchere ndi dzuwa. Anandizindikira ndili patali. Anandiyalira chiguduli pamthunzi, anandipatsa thobwa m'chikho, n'kukhala pansi chapatali monga mwa ulemu. Ine ndinachoka pachigudulipo n'kukhala pamchenga.

"Mwana wanga," ndinatero, "ndabwera kudzapepesa. Ndinakulakwira iwe ndi mayi ako."

"Ndinamva za Tiya," anayankha. "Nkhani zimafika kuno ndi ogula nsomba."

"Ndiye ukuona kuti ndabwera chifukwa moto wafika padenga langa."

"Eya, ndikuona." Anagwedeza mwana kumsana. "Abambo, ine ndinakhululuka kalekale. Mkwiyo ndi katundu, ndipo ine kumsanaku ndili kale ndi wina. Koma kukhululuka sikundibwezera Sitandade 8. Ndinkafuna kudzakhala namwino."

Ndinamufunsa ngati angafune kubwerera kusukulu, kuti ine ndikayesetsa. Anaseka, osati monyoza, koma ngati mmene munthu amasekera mwana.

"Ndi awiriwa? Ndi bambo awo? Iyayi, zanga zinapita. Mukafuna kupepesa, musapepese kuno kunyanja kopanda anthu okuonani. Munandichititsa manyazi pagulu. Kapepeseni pomwepo."

Pochoka anandimangira matemba m'pepala. Ndinakana, iye anaumirira. Ulendo wobwerera ndinauyenda wapansi mbali yaikulu, osati chifukwa cha mchenga wokha.

Lamulungu lotsatira Tiya anakakhala pa benchi ija. Akulu a mpingo tinkakhala kutsogolo, pamipando yokhala ndi zotsamira. Belu litalira ndinalowa ndi anzanga, koma nditafika pachitseko ndinaima. Ndinakhala pansi pomwepo, pambali pa mwana wanga. Benchiyo inali yopapatiza, yogwedera, ndipo ndinazindikira tsiku limenelo kuti munthu wokhala pamenepo samva n'komwe ulaliki, amangomva maso a anthu. Nthawi ya zolengeza ndinaimirira n'kunena kuti ndinalakwira Eneresi ndi mayi ake, kuti mawu anga aja a pamsonkhano wa makolo ndikuwabweza, ndipo kuti mwana wanga sakwatiwa ndi wa golosale, abwerera kusukulu. Sabata yomweyo anandichotsa paukulu, ati ndalowetsa ndale m'nyumba ya Mulungu ndipo mlamu wanga wandidyetsa mankhwala a chipani.

Mwana anabadwa mvula ili pakati. Ndiye mkulu wanu Dalitso, yemwe lero ali pantchito ku Liwonde, wandevu zake zija. Anabadwa wochepa ngati botolo, koma kulira kwake kunkadzutsa mudzi.

Tsono mvetserani, chifukwa apa ndi pamene nkhani ikuchoka m'manja mwa amuna. Mpingo wathu unali waung'ono, ndipo abusa ankabwera mwa apo ndi apo kudzabatiza ndi kudyetsa mgonero. Tinamva kuti abwera tikakolola. Mayina a ana obatizidwa analembedwa, la Dalitso panalibe. Ine ndinati basi, tapirira zambiri, tipirirenso. A Witinesi analemba kalata kuchokera ku Balaka yoti tingochoka mumpingomo, Mulungu sakhala ku Nselema kokha. Agogo anu anamvetsera kalatayo ndikuwawerengera, ndipo anangoti, "Tchalitchi chimenecho ndinasenzera njerwa zake pamutu pangapa. Achoke ndani?"

Masiku otsatira ndinaona kuti mayiwa ayamba kubwereka zinthu modabwitsa. Lero akabwereka sefa kwa uje, mawa chipande kwa uje, mkuja lichero kutsidya kwa dambo, chonsecho zonsezo tinali nazo m'nyumba. Ndipo kobwereka sefa ankakhalako mpaka dzuwa kupendeka. Nditafunsa anati, "Sokani malaya, abambo a Tiya."

Lamulungu linafika. A Makwinja anaimirira kutsogolo n'kutchula nambala ya nyimbo yoyamba. Mwa chizolowezi amayi ndiwo ankayambitsa, amuna n'kumalowa pambuyo ndi besi. Tinadikira. Zii. A Makwinja anatchulanso nambala ija mokweza, poganiza kuti sanamveke. Amayi onse anali ataimirira bwinobwino, mipango ili mbee, mabuku otsegula m'manja, milomo yotseka. Ngakhale tiatsikana ta kwaya tinangoyang'ana pansi. Mayi ake a Eneresi anali mzere woyamba, maso ali patsogolo.

A Makwinja anayamba okha. Ana inu, Mulungu andikhululukire, munthu uja anali ndi mphatso zambiri, koma nyimbo sinali m'gulumo. Amuna ena analowa kuti awathandize, aliyense ndi njira yake, wina kumwamba, wina pansi, wina atatsala mzere wathunthu. Zinkamveka ngati achule a ku Chiuta mvula ikagwa. Pofika ndime yachiwiri anatsala anthu atatu, ndipo ndime yachitatu sinayimbidwe. Ine pa benchi yanga yakumbuyo ndinaluma mlomo mpaka kuwawa kuti ndisaseke.

Lamulungu lachiwiri zinali chimodzimodzi. Lachitatu amuna ena anayamba kujomba chifukwa cha manyazi. Amayiwo sanachite mwano uliwonse. Ankasesa m'tchalitchi, kuzira pansi, kupereka chopereka, kugwada popemphera. Nyimbo yokha ndiyo anaimana. Akafunsidwa ankati kukhosi kwauma ndi fumbi la kokolola.

Lamulungu lachinayi abusa anafika pa njinga yamoto. Anali munthu wachikulire, wofatsa, wodwaladwala. Anatchula nyimbo, n'kukweza dzanja, ndipo anakumana ndi chete yemwe uja. Anatsitsa dzanja, anavula magalasi, n'kufunsa, "Amayi, kwagwanji?"

Agogo anuwa ndiwo anayankha, atagwada pakati pa kanjira. Munthu amene sanafike ndi Sitandade 3 yomwe, amene anali asanalankhulepo pagulu.

"Abusa, mawu atithera. Amene ankatiyambitsira nyimbo tinamuthamangitsira kunyanja. Amene anamulowa m'malo, mwana wanga Tiya, ali pa benchi apo. Mawa adzakhala wa mnzanga uyu, mkuja wa uyo. Amene amawapatsa mimbazo sitinawaonepo pa benchi imeneyo. Tsopano mukuti khanda nalonso lidikire, ngati linalakwa kubadwa. Ife tiyimba bwanji? Tikayimba tinama."

Abusa anaimitsa mapemphero n'kutengera akulu a mpingo pansi pa mtengo wa mthethe kuseri. Ife tinatsala m'katimo, osatuluka, ana akulira, dzuwa likukwera. Anakhalako nthawi yaitali, ndipo nthawi zina mawu a Makwinja ankamveka mpaka m'kati. Pambuyo pake ndinamva kuti chimene chinawafewetsa sanali abusa okha. Akazi awo nawonso anali m'gulu la osayimba, ndipo kunyumba anali atawonjezera kusalankhula.

Atabwerera, abusa analengeza kuti ana onse abatizidwa, ndi Dalitso yemwe. Anati Tiya apitirize maphunziro a olapa kwa amayi achikulire, monga mwa lamulo la mpingo, koma benchi ituluke. A Makwinja eni ake anagwira mbali imodzi, mnyamata wina mbali inayo, n'kuitulutsa. Podutsa pamene ndinaima sanandiyang'ane, koma anati chapansipansi, "A telala, akazi anu ndi oopsa kuposa alamu anu."

Kenaka abusa anatchulanso nyimbo ija. Mayi ake a Eneresi ndiwo anayambitsa, ndi mawu okalamba, onjenjemera. Amayi onse analowa nthawi imodzi. Ine ndakhala m'matchalitchi aakulu kuno ku Balaka, a magitala ndi zokuzira mawu, koma sindinamvenso nyimbo ngati imeneyo. Malata ankachita kunthunthumira. Ndikutembenuka ndinaona a Witinesi ataima pawindo panja. Agogo anu anali atawatumizira uthenga osandiuza. Madzi atathiridwa pamutu pa Dalitso, mwanayo anakuwa mokwiya, ndipo a Witinesi anavula chipewa, n'kuzungulira, n'kulowa pakhomo limene anali atalikana zaka zonse zija. Sanayimbe, koma anakhala mpaka pemphero lomaliza.

Dalitso atayamba kudya phala tinasamuka tonse, chifukwa agogo anu anati mwana sangayamwe pa kalata. Kusiya munda wa makolo sichinali chinthu chapafupi, ndipo abale ena anatinena. Makina anga tinawakweza pa lole ya nandolo, ine nditawakumbatira njira yonse, kudutsa Ntaja, kutsetsereka mapiri aja, kuwoloka Shire pa Liwonde, mpaka kuno. Tiya ankapita kusukulu m'mawa, nthawi yopuma agogo anu n'kumamupititsira mwana kuseri kwa mpanda kuti ayamwe. Anzake ena ankamuseka, aphunzitsi ena ankamuponyera mawu. Analimba. Anakhoza mayeso, anapita ku koleji ya uphunzitsi, anakumana ndi bambo anu, ndipo inu munabwera ndi mafoni anuwo.

Musaganize kuti ine ndi a Witinesi tinayamba kugwirizana pa zonse. Ayi ndithu. Ine mpaka lero ndimakhulupirira kuti tchimo ndi tchimo, ndipo si chilichonse chobwera ndi dzina la ufulu chimene ndimachilandira. Iwo ankati ndine wouma mutu, ine ndinkati iwo amameza chilichonse chatsopano osatafuna. Ataima pa ukhansala anabwera kudzandipempha voti.

"Alamu, pano ndiye muli mbali yathu."

"Iyayi. Ine ndili mbali ya mdzukulu wanga. Chipani chanucho chili ndi akuba ngati zinazo."

Anagwa pachisankhocho, ndipo ankandinena kuti voti imene inasowa inali yanga. Koma Lamulungu lililonse ankadzanditenga kuti tipitire limodzi kutchalitchi, ndipo pobwerera ankatsutsa ulaliki kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka pakhomo la nyumba. Kuno anandisankhanso ukulu, ndipo milandu ya atsikana ikabwera ndinkayamba ndi kufunsa mwini wake chimene akufuna, kenaka n'kufunsa kuti mnyamatayo ali kuti. A Witinesi atamwalira, pemphero la kumanda ndinapereka ndine. Ndimawasowa. Munthu wokangana naye bwino ndi wosowa kuposa wogwirizana naye.

Chaka china, tikubwera kumanda kokaona mwala wawo, ndinawafunsa agogo anu. Ndinati, "Amayi a Tiya, tandiuzani zoona. Zija munachita ku Nselema zija, zinali ndale za achimwene anu kapena chinali chikhulupiriro?"

Anaima pamsewu, n'kumanga bwino chitenje, n'kundiyang'ana ngati ndafunsa kuti madzi ndi onyowa.

"Ine ndinkafuna mwana abatizidwe, mayi ake aphunzire. Mayina a zinthuzo muzipezera nokha amunanu, muli ndi nthawi."

Ndi awo akutsokomola kuseriko, ndiye kuti ndanena zoona. Dzukani mukawalandire lichero, msana wawo si wa kale.